Envelopu yofiira ndi matebulo ozungulira: mnzanu wa ku China akakuitanani ku ukwati

Chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, achinyamata athu ambiri apita kukaphunzira ku Beijing, Wuhan, Shanghai ndi mizinda ina, ndipo amalonda athu sasowa m'misika ya ku Guangzhou. Munthu ukakhalitsa pamalo umapalana ubwenzi ndi eni dera. Ndiye tsiku lina umangolandira khadi lofiira la zilembo zagolide, kapena uthenga wa pa WeChat, pulogalamu ya pafoni yotumizirana mauthenga kumeneko, wokuitanira ku ukwati wa mnzako ku hotela ina yapamwamba. Ambiri amaganiza kuti akukadya ndi kuvina. Kuvina nthawi zambiri kulibe. Chakudya chilipo, chamwanaalirenji, koma wokuitanayo wachita zoposa kukusungirani mpando. Wakulowetsani m'gulu la anthu amene banja lake limapatsana nawo pa mtendere ndi pa mavuto, ndipo zonse zimene mukaone madzulo amenewo zikuzungulira pamenepo.

Pofika tsiku la phwandolo, awiriwo amakhala atakwatirana kale pamaso pa boma, mwina miyezi ingapo yapitayo, mwinanso chaka chathunthu. Ku China ukwati umamangidwa ku ofesi ya boma yolembetsera maukwati, kumene mwamuna wa zaka zosachepera 22 ndi mkazi wa zaka zosachepera 20 amasayina n'kupatsidwa timabuku tiwiri tofiira tokhala ndi chithunzi chawo. Sizichedwa, ndipo makolo safunika kukhalapo. Koma mukafunsa agogo a mkwatibwi ngati mdzukulu wawo anakwatiwa, akuuzani kuti nkhani sinathe malinga ngati abale sanakhale pansi n'kudya ndi kumwa limodzi. Anthu akumeneko akamapita ku ukwati amati akupita kukamwa mowa wachisangalalo. Paphwando m'pamene mabanja awiri amaonekera poyera kuti alumikizana, ndipo alendo onse, inu kuphatikizapo, ndi mboni.

China ndi dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, choncho miyambo siyingafanane paliponse. Ku Beijing ndi madera ambiri akumpoto phwando limakhala la masana. Ku Shanghai, Guangzhou ndi Hong Kong limakhala la madzulo, chimodzimodzinso pakati pa anthu ochokera ku China amene anakhazikika ku Singapore ndi Malaysia. Zambiri zimene ndikufotokoza pano ndi za kummwera, kwa anthu olankhula Chikantonizi, chifukwa ndi kumene amalonda athu amafikako kwambiri, komanso ndi kumene phwando la m'hotela linazika mizu kalekale.

Zoti ukwati uzichitikira m'hotela n'zadzana kwa anthu ambiri a m'dzikomo. Kumidzi mpaka lero amayala matebulo pabwalo n'kuitana wophika wodziwika m'deralo, amene amabwera ndi mapoto ake. Mu nthawi ya ulamuliro wa Mao Zedong, makamaka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, phwando lalikulu linkatengedwa ngati khalidwe lachikale lofunika kulithetsa, moti m'matauni anthu ankangogawira anzawo akuntchito maswiti, mtedza ndi ndudu. Mnyamata wooneka kuti zake zikuyenda ankafunika kukhala ndi njinga, wotchi yapamkono, makina osokera ndi wailesi. Zinthu zinatembenuka mtsogoleri wina, Deng Xiaoping, atayamba kumasula chuma mu 1978. Mu 1983 ku Guangzhou kunatsegulidwa White Swan Hotel pachilumba cha Shamian, imodzi mwa mahotela oyambirira apamwamba m'dzikomo, ndipo m'zaka zotsatira mahotela otere anachuluka mumzinda uliwonse. Ana a anthu amene anakwatirana pogawa maswiti aja ndi amene lero akulipira holo ya nyali zolendewera, ndipo nthawi zambiri makolo omwewo ndi amene amalimbikira kuti zitero. M'mabanja ambiri a m'tauni mwana ndi mmodzi yekha, chifukwa cha lamulo la mwana mmodzi lomwe linagwira ntchito kuyambira 1980 mpaka kumapeto kwa 2015. Ukwati wake ndi mwayi wokhawo umene banjalo lili nawo wodyetsa onse amene analidyetsapo.

Tsiku silisankhidwa chisawawa. Akuluakulu amatsegula kalendala yakale yotsata mwezi, yomwe imasonyeza masiku abwino ndi oipa, ena mpaka amafunsa katswiri kuti afananize masiku obadwa a awiriwo. Mwezi wachisanu ndi chiwiri pa kalendala imeneyi, umene amati mizimu ya akufa imayendayenda, amaupewa. Sabata ya tchuthi imene imayamba pa 1 Okutobala imadzaza ndi maukwati, moti munthu mmodzi atha kukhala ndi makadi atatu kapena anayi. Popeza masiku abwino ndi owerengeka, maholo a mahotela otchuka amasungitsidwa kudakali chaka. Hotela imatchaja pa tebulo, ndipo tebulo limakhala la anthu 10 kapena 12. N'chifukwa chake pofotokoza kukula kwa ukwati satchula anthu, amangoti unali wa matebulo 20 kapena 50.

Zofunika kwambiri pa tsikulo zimachitika m'mawa, kunyumba, kumene alendo wamba safikako. Mkwati ndi anyamata ake amapita kukatenga mkwatibwi, n'kupeza atsikana operekeza atseka chitseko. Amamuimbitsa nyimbo, kumufunsa mafunso, kumulawitsa zowawasa, zotsekemera, zowawa ndi zatsabola kuti aonetse kuti adzapirira zonse za m'banja, ndipo iye amalowetsa maenvelopu a ndalama pansi pa chitseko mpaka atsikanawo atakhutira. Kenako pamabwera mwambo wa tiyi. Awiriwo amagwada pamaso pa makolo, agogo ndi abale ena motsata ukulu, n'kupereka kapu ya tiyi ndi manja awiri. Wolandirayo amamwa, n'kupereka envelopu yofiira kapena golide. Kwa Akantonizi golideyo amakhala zibangili zochindikala zojambulidwa chinjoka ndi mbalame ya m'nthano yotchedwa phoenix, ndipo mkwatibwi amavala zonse zimene wapatsidwa, nthawi zina mpaka m'zigongono. Popereka tiyi uja m'pamene amatchula apongozi ake kuti bambo ndi mayi kwa nthawi yoyamba. Mukaona misozi pa vidiyo imene adzaonetse madzulo muholo, yatuluka apa.

Madzulo mukafika kuhotela, khadi la ku Hong Kong limakhala ndi nthawi ziwiri: alandira alendo kuyambira 5 koloko, chakudya 8 koloko. Maola apakatiwo achibale achikulire amasewera mahjong, masewera a anthu anayi a timatabwa tojambulidwa, ndipo phokoso lake limamveka muli pa masitepe. Mnzake wa mkwati safunika kufika 5 koloko. Kufika cha m'ma 7 n'kokwanira kuti mujambulitse ndi eni ukwati. Pa zovala, pewani zoyera zokhazokha kapena zakuda zokhazokha, chifukwa zimakumbutsa maliro, ndipo amayi asavale diresi yofiira kwambiri poti mtundu umenewo ndi wa mkwatibwi. Paliponse mukaona chilembo chimodzi chofiira chomatidwa pa zitseko ndi pakhoma. Ndi chilembo chotanthauza chisangalalo cholembedwa kawiri mogundizana, chimodzi cha mwamuna china cha mkazi.

Musanalowe muholo pali tebulo, ndipo mtima wa nkhani yonse uli pa tebulo limeneli. Pamakhala achibale okhulupirika awiri kapena atatu, buku lofiira, cholembera, ndi bokosi. Mumasayina dzina, n'kupereka envelopu yanu ndi manja awiri, ndipo amakuuzani nambala ya tebulo lanu. Envelopuyo ku China amati hongbao, ku Hong Kong lai see, ku Singapore ang bao. Kumbuyo kwake mumalembako dzina lanu, ndipo zimenezi musaiwale, chifukwa envelopu yopanda dzina imavutitsa eni ukwati kuposa kuwathandiza. M'madera ena amatsegula pomwepo, kuwerenga inu mukuona, n'kulemba ndalamazo pafupi ndi dzina lanu. M'madera ena amawerenga usiku alendo atapita. Mulimonsemo, zimalembedwa, ndipo bukulo limasungidwa zaka zambiri.

Ife a perekaniperekani tingaganize kuti izi tikuzidziwa. Kwathu ndalama timaponya tikuvina, aliyense akuona, ndipo nyimbo ikatha palibe amene amatsala ndi ndandanda ya zimene munthu aliyense anaponya. Kumeneku ndalama ndi yobisika mu envelopu, koma siiwalika. Tsiku limene inu mudzakwatire, kapena mwana wanu, banja lija lidzatsegula buku lija, kuona zimene munapereka, n'kubweza zofanana kapena kuonjezerapo pang'ono. Kuonjezerako n'kofunika, chifukwa kubweza ndendende kuli ngati kunena kuti tathana. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika, ndipo anthu a ku China anatenga nzeru yomweyo n'kuilemba ndi inki. Katswiri wina wa chikhalidwe, Yan Yunxiang, amene anafufuza mudzi wa Xiajia m'chigawo cha Heilongjiang, anasonyeza mu 1996 kuti mabanja a m'mudzimo ankasunga mosamala mindandanda ya mphatsozi, ndipo gawo lalikulu la ndalama zawo za pachaka linkathera pa kupatsana kotereku. Munthu wosapereka amadzipatula yekha, ndipo likamugwera vuto amasowa pogwira.

Ndiye muikemo zingati? Lamulo losalembedwa, makamaka ku Hong Kong ndi Singapore, n'lakuti envelopu yanu ikwanitse kulipira mpando wanu. Mumayerekeza mtengo wa tebulo pa hotelayo, kugawa ndi anthu khumi, n'kuonjezerapo malinga ndi kuyandikana kwanu ndi mwini ukwati. Ku Singapore mpaka pali masamba a pa intaneti amene chaka ndi chaka amalemba ndalama zoyenera kupereka pa hotela iliyonse. Ku Hong Kong, kuika madola akumeneko oposa 1,000 pa ukwati wa m'hotela yapamwamba si zachilendo. Ndalama zikhale zatsopano, zosakwinyika, ndipo manambala ali ndi nkhani. Nambala 8 imamveka ngati mawu otanthauza kupeza chuma, 6 ngati kuyenda bwino kwa zinthu, 9 ngati kukhalitsa, pamene 4 imamveka ngati imfa. Choncho 600, 800 kapena 888 n'zabwino, 400 ayi. Si nkhambakamwa kwa iwo: masewera a Olympics a ku Beijing anatsegulidwa pa 8 Ogasiti 2008, 8 koloko madzulo. Envelopu yoyera ndi ya pamaliro. Ndipo ngati mwaganiza zoonjezera mphatso, wotchi yapakhoma isakhalepo, chifukwa kupatsa munthu wotchi kumamveka ngati kumuperekeza kumanda. Njira yachidule ndi kufunsa mnzanu wina amene waitanidwanso kuti iye aika zingati. Eni dziko nawonso amafunsana choncho, palibe chamanyazi.

Chokoma n'chakuti si paliponse pamene envelopu imalemera. Ku Shunde, pafupi ndi Guangzhou, mabanja ambiri amalandira envelopu, kupinda kangodya kake posonyeza kuti ulemu wafika, n'kukubwezerani pomwepo.

Malo okhala anakonzedwa kale ndipo musasinthe. Tebulo la makolo lili pafupi ndi nsanja, kenako abale, kenako mabwana ndi anzawo a makolo, anzake a mkwati ndi mkwatibwi chakumbuyo. Musadabwe mukapeza kuti alendo ambiri awiriwo sakuwadziwa n'komwe. Ndi anthu a m'buku la bambo ndi mayi. Wotsogolera mwambo, amene nthawi zambiri amachita kulembedwa ganyu, amalowetsa awiriwo ndi nyimbo, pamakhala zolankhula zingapo, kudula keke, kuthira shampeni. Mkwatibwi amasintha zovala kawiri, katatu, mwinanso kanayi: diresi yoyera, chovala chofiira chopetedwa ndi ulusi wagolide chimene Akantonizi amachitcha "kwa", kenako qipao, diresi yothina ya kolala yoimirira.

Chakudya chimabwera mbale imodziimodzi, mitundu 8 kapena kuposerapo, n'kuikidwa pa galasi lozungulira pakati pa tebulo. Pa ukwati wa Akantonizi choyamba ndi kamwana ka nkhumba kowotcha kathunthu. M'mahotela ena amazimitsa magetsi, operekera zakudya n'kulowa pamzere aliyense atanyamula mbale, tinkhumbato titaikidwa timagetsi tofiira m'maso. Khungu lake ndi lofiirira, lopyapyala, lothetheka mkamwa, ndipo amalidula tizidutswa kuti mudye ndi msuzi wotsekemera. Kale nkhumbayi inali uthenga: akuchimuna ankaitumiza kwa makolo a mkazi pa tsiku lachitatu posonyeza kuti mwana wawo anamupeza ali namwali. Lero tanthauzo limenelo linazilala, chatsala ndi nkhumba. Pamabwera lobster (nkhanu yaikulu ya m'nyanja yamchere) ndi nkhuku, zoimira chinjoka ndi phoenix, mwamuna ndi mkazi. Nkhuku imabwera ndi mutu wake, nsomba ndi mutu ndi mchira womwe, kuti banjalo likhale ndi chiyambi ndi mathero abwino, komanso mawu oti nsomba amamveka ngati mawu oti zotsala, kutanthauza kuti pakhomopo sipadzasowa kanthu. Mukatha mbali imodzi ya nsomba musaitembenuze, anthu a kugombe amati kuteroko n'kugubuduza bwato. Amachotsa minga n'kupitiriza. Mpunga ndi manudozi zimabwera kumapeto, anthu atakhuta kale, ndipo manudoziwo ndi ataliatali posonyeza moyo wautali. Kenako pamabwera phala lotsekemera la nyemba zofiira lokhala ndi njere za duwa la m'madzi lotchedwa lotus, pofunira banjalo ana. Amene wadzaza mimba pa mbale ziwiri zoyambirira amavutika, ndiye tapani pang'onopang'ono. Timitengo todyera musatizike choimirira mumpunga, chifukwa zimafanana ndi lubani wofukizira akufa. Zikakuvutani pemphani foloko, palibe amene akuonereni kukhosi.

Pali mbale ziwiri zimene ife a kuno kummwera kwa Africa tiyenera kuziyang'ana kawiri. Yoyamba ndi supu ya zipsepse za shaki. Chipsepsecho pachokha chilibe kukoma kulikonse, kukoma kumachokera mu msuzi wa nkhuku ndi nyama. Chimene mwini phwando amagula ndi ulemu, kuti alendo aone kuti sanaumire. Mtengo wake amalipira ndi nyanja: asodzi ena amadula zipsepse shaki ali moyo n'kumuponyanso m'madzi, ndipo gombe la Mozambique ndi limodzi mwa malo amene shaki akhala akuphedwa chifukwa cha msika umenewu. Apa zinthu zasintha ndithu. Katswiri wa basketball Yao Ming anayamba kulankhula zotsutsa supuyi mu 2006 mogwirizana ndi bungwe loteteza nyama la WildAid. Mahotela a Peninsula anasiya kuigulitsa kuyambira Januwale 2012, a Shangri-La nawo analengeza zomwezo mwezi womwewo, ndipo mu 2013 boma la China linailetsa pa maphwando ake. Achinyamata ambiri lero amasankha supu ina, ngakhale ena amachita kulimbana kaye ndi makolo awo.

Yachiwiri ndi abalone, nkhono ya m'nyanja imene ku South Africa amaitcha perlemoen. Ilipo yowetedwa mwalamulo cha ku Hermanus, koma yambiri imabedwa m'gombe la Western Cape, kuumitsidwa, n'kuzembetsedwa kupita ku Hong Kong. Bungwe la TRAFFIC, lofufuza za malonda a nyama zakutchire, linanena mu 2018 kuti nkhono pafupifupi 96 miliyoni zinabedwa pakati pa 2000 ndi 2016, ndipo zina zimadutsira m'mayiko ngati Zimbabwe ndi Zambia, amene alibe nyanja yamchere, n'kulembedwa ngati zachokera kumeneko. Sindikunena kuti mlendo adzudzule mwini phwando pa tsiku lake. Koma ndi bwino kudziwa kuti kanthu kakang'ono kali m'mbale kaja kali ndi ulendo umene unadutsa pakhomo pathu.

Chapakati pa chakudya, awiriwo ndi makolo awo amayamba kuyenda tebulo ndi tebulo. Akafika panu nonse mumaimirira ndi matambula. Ku China amati ganbei, kutanthauza kuti tambula iume. Ku Singapore ndi Malaysia holo yonse imakuwa yam seng, kukoka mawu oyambawo mpaka mpweya utatha, katatu. Kumpoto mowa wake ndi baijiu, wotchezedwa kuchokera ku mapira, ndipo wotchuka kwambiri, Moutai wa ku Guizhou, mphamvu yake ndi 53 peresenti. Ku Hong Kong ankakonda brande ya ku France, masiku ano vinyo wofiira. Pogundanitsa matambula ndi munthu wamkulu, mlomo wa tambula yanu ukhale m'munsi mwa yake. Ngati simumwa, nenani kuyambira pachiyambi n'kukweza tiyi kapena chakumwa chozizira, ndipo musasinthe pakati. Mkwati mwiniyo, poti ali ndi matebulo 30 oti ayendere, kawirikawiri amanyamula tiyi wooneka ngati mowa, kapena anyamata ake amamumwera.

Kukongola konseku kuli ndi mbali yowawa, ndipo eni dziko amaidandaula poyera. Wachinyamata amene wangoyamba ntchito atha kuthera malipiro a mwezi wonse pa maenvelopu a Okutobala, moti makadi aukwati anawapatsa dzina loti mabomba ofiira. Kwa akuchimuna phwando ndi gawo chabe. Pali nyumba, galimoto, ndi malowolo amene amati caili, omwe m'madera ena akumidzi monga ku Jiangxi amafika masauzande mazanamazana a yuan, ndalama ya ku China. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti kalembera wa 2020 anapeza kuti amuna ndi ochuluka kuposa akazi ndi pafupifupi 35 miliyoni. Boma lakhala likulimbana nazo: mu 2021 linasankha madera oyeserera maukwati osawononga ndalama, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 khoti lalikulu linakhazikitsa malangizo a mmene malowolo angabwezedwere banja likatha msanga. Akuluakulu a boma ndi a chipani cholamula amaletsedwa kuchititsa maphwando aakulu, chifukwa envelopu yofiira ndi njira yosavuta yobisira ziphuphu. Ngakhale zili choncho, olembetsa ukwati anatsika kuchoka pa mabanja 13.47 miliyoni mu 2013 kufika pa 6.1 miliyoni mu 2024. Zifukwa n'zambiri, achinyamata enieniwo achepa, koma mtengo wa ukwati uli m'gulumo. Ena ayamba kuchita maukwati opanda mdipiti wa magalimoto, opanda operekeza, opanda wotsogolera mwambo wolipidwa. Ine ndimawamvetsa, koma ndimamvetsanso mayi amene wakhala akupereka maenvelopu kwa zaka 30 ndipo akufuna kuona anthu onsewo atakhala pa matebulo a mwana wake. Si dyera lokha. Akufuna umboni wakuti zaka zonsezo sanali yekha.

Mathero a phwando amadzidzimutsa mlendo. Zipatso zikangofika patebulo, anthu amayamba kunyamuka, ndipo pakangotha mphindi zochepa holo ya anthu 300 imakhala mbee. Si mwano, ndi mmene zimakhalira, ndipo wotsalira amachedwetsa eni ukwati amene aimirira pakhomo ndi makolo awo kuti atsanzikane ndi aliyense. Mutenge kabokosi ka maswiti kamene kali pamalo panu. Mukaona azakhali akulongedza nkhuku ndi mpunga zotsala m'mabokosi, nawonso sakulakwa: kuyambira Epulo 2021 China ili ndi lamulo loletsa kuwononga chakudya, ndipo operekera zakudya amabweretsa okha mabokosiwo mukapempha. Pakhomopo gwiranani chanza ndi makolo kaye musanafike kwa mnzanuyo, n'kunena kuti gongxi, kapena gung hei ngati ndi Akantonizi, ndiko kuti mafuno abwino.